Manja a Amalawi pa okalamba a ku Joni

Amayi ambiri ochokera ku Malawi ndi mayiko oyandikana nawo amalembedwa ntchito ku South Africa ngati osesa ndi ochapa, koma pakapita nthawi amapezeka kuti ndiwo akusambitsa, kudyetsa ndi kuchezera usiku wonse ndi munthu wokalamba wodwala. Imeneyi ndi ntchito inanso payokha, ndipo iyenera kukambidwa bwino munthu asanakwere basi.

Uthenga woitanira munthu ku Joni nthawi zambiri umakhala waufupi. Mbale amene ali kale kumeneko amaimba foni kunena kuti malo apezeka pa nyumba ina ku Randburg, ku Pretoria kapena ku Cape Town. Ntchito yake ndi ya m'nyumba, pogona ndi pomwepo, ndipo m'nyumbamo mumakhala gogo mmodzi yekha wosavuta. Banja la ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay, lomwe chimanga chatha m'nkhokwe mvula isanagwe n'komwe, silingaukane uthenga wotere.

Chomwe uthengawo sunena n'chakuti gogo wosavutayo akunka nakalamba. Chaka choyamba wantchito amasesa, kuphika ndi kusita zovala. Chaka chachiwiri gogo uja amagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, kapena amafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Kuyambira pamenepo wantchito ndiye amamudzutsa, kumusambitsa, kumusintha matewera ndi kuwerenga mapiritsi ake. Ntchito yasanduka ya unamwino, koma dzina lake, malipiro ake ndi maola ake olembedwa zimakhala zomwe zija za poyamba.

Njira yakale, apaulendo atsopano

Ulendo wa ku Joni si wachilendo m'midzi ya ku Malawi. Kwa zaka zambiri unali ulendo wa amuna, omwe ankalembedwa ndi kampani ya Wenela kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kalemberayo. Anayambiranso mu 1977 kudzera ku Theba, koma anatheratu mu 1988 mayiko awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV.

Kalembera anatha koma njira sinatsekeke. Masiku ano mabasi amadutsa pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, n'kulowera ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare mpaka pa Beitbridge, ndipo pa mipando yambiri pakhala amayi. Kalembera wa anthu wa ku South Africa wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 199,000 obadwira ku Malawi, kuwonjezera pa oposa 1 miliyoni obadwira ku Zimbabwe ndi oposa 400,000 obadwira ku Mozambique. Kugwa mphamvu kwa kwacha, komwe kunafika pa 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kwachititsa kuti randi iliyonse yotumizidwa kumudzi izioneka yaikulu.

Kusiyana kwa ulendo wakale ndi watsopano kuli pa chinthu chimodzi chachikulu. Wa kumgodi ankapita ndi pangano lolembedwa, lokhala ndi tsiku lobwerera, ngakhale kuti ntchitoyo inali yoopsa ndi yankhanza. Mayi wopita kukagwira ntchito m'nyumba lero amadalira mawu apakamwa a mbale wake, ndipo malo ake a ntchito ali kuseri kwa mpanda wautali komwe sikufika maso a wina aliyense.

Okalamba akuchuluka, owasamalira akusowa

Mu 2022 dziko la South Africa linali ndi anthu 62 miliyoni, ndipo pafupifupi 6 miliyoni mwa iwo anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Nyumba zosungirako okalamba zilipo, koma zaboma ndi za mabungwe achifundo zimakhala zodzaza, pomwe zolipira ndi zodula kwambiri. Okalamba ambiri nawonso safuna kuchoka m'nyumba zawo. Ana awo amakhala pa ntchito tsiku lonse, ena ali kumizinda ina, ena anasamukira ku Britain kapena ku Australia. Namwino wophunzira wochokera ku kampani amalipiritsa pa ola lililonse, ndipo kuti wodwala akhale ndi womuyang'anira usana ndi usiku pamafunika anthu awiri kapena atatu osinthana.

Apa ndi pomwe wantchito wochokera kunja amalowera. Alibe nyumba yake m'tauni, choncho amavomera kugona pa ntchito. Ana ake ali kutali, choncho sapempha kuweruka madzulo. Kawirikawiri mapepala ake sakhala olongosoka, choncho sadandaula. Banja limapeza munthu mmodzi wogwira ntchito ya anthu atatu pa malipiro a mmodzi. Izi sizichitika m'nyumba za olemera zokha. Ngakhale m'makomboni muli mabanja amene amalemba mayi wochokera kunja kuti aziyang'anira kholo lawo, n'kumamulipira kuchokera pa ndalama ya ukalamba yomwe boma la dzikolo limapereka mwezi ndi mwezi.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena mu 2021 kuti padziko lapansi pali antchito a m'nyumba 75.6 miliyoni, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi amayi. Lipoti lake lina la mu 2015 linasonyeza kuti 11.5 miliyoni ankagwira ntchitoyi kunja kwa mayiko awo. Choncho zomwe zikuchitika pakati pa Malawi ndi South Africa ndi mbali ya nkhani yaikulu, ya mayiko osauka omwe akutumiza amayi awo kukasamalira makolo a anthu a m'mayiko opeza bwino.

Ntchito yosatchulidwa dzina

Kusamalira munthu wokalamba wodwala kumafuna luso lomwe kusesa ndi kuphika sikuphunzitsa. Munthu amene sangathe kudzitembenuza yekha ayenera kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, apo ayi amatuluka zilonda m'matako, m'zidendene ndi kumsana, zomwe zimavuta kupola ndipo zikhoza kupha. Wodwala sitiroko amatsamwa msanga, motero ayenera kudyetsedwa atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Wodwala shuga akamwa mankhwala kapena kubayidwa jakisoni koma osadya, shuga amatsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Kunyamula munthu wamkulu kuchoka pa bedi kupita pa njinga ya olumala kangapo pa tsiku, popanda kudziwa kanyamulidwe koyenera, kumawononga msana wa wonyamulayo, ndipo ululu wake amapita nawo kumudzi.

Chovuta koposa ndi matenda a ubongo oiwalitsa, omwe achipatala amawatchula kuti dementia. Wodwala amaiwala kuti wadya kale, amadzuka pakati pa usiku kufuna kupita kunyumba yomwe anachokako zaka 40 zapitazo, amavula pagulu, ndipo nthawi zina amalalata kapena kumenya amene akumusambitsa. Chizindikiro china chodziwika cha matendawa ndi kuganizira anthu kuti akumubera. Gogo akabisa yekha mphete kapena ndalama n'kuiwala pomwe waika, woyamba kulozedwa chala ndi wantchito. Ngati abale sakuwadziwa matendawa, mayi wosalakwa amachotsedwa ntchito ndi dzina la wakuba, ndipo popeza ndi mlendo, saona kolowera.

Pamwamba pa zonsezi pali kusowa tulo ndi kusungulumwa. Wogona m'chipinda choyandikana ndi wodwala saweruka. Belu likhoza kulira nthawi iliyonse, ndipo tsiku la Sabata lopuma limadalira ngati ana a gogoyo abwera. Kutchalitchi kapena kumzikiti, komwe Amalawi amakumana, kuuzana za kumudzi ndi kusonkherana pa maliro, amapitako mwa apo ndi apo.

Zomwe malamulo amanena

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti malamulo a ntchito a ku South Africa amamuwerengera munthu wosamalira okalamba, odwala ndi olumala pakhomo ngati wantchito wa m'nyumba wokhala ndi maufulu onse. Lamulo la mu 2002 lotchedwa Sectoral Determination 7 limati maola a ntchito asapitirire 45 pa sabata, ndipo owonjezera asapitirire 15 komanso alipidwe mowonjezera theka pa malipiro a ola. Wantchito ayenera kupuma maola 36 otsatizana sabata iliyonse ndi kulandira tchuthi cha masabata atatu pa chaka. Ayenera kupatsidwa pepala lofotokoza ntchito yake, maola ndi malipiro, komanso kapepala ka malipiro nthawi iliyonse akalandira.

Lamuloli linaganizirapo ngakhale za usiku. Bwana akafuna kuti wantchito akhale tcheru pakati pa 8 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, payenera kukhala mgwirizano wolembedwa ndi ndalama yapadera, ndipo izi zisapitirire kasanu pa mwezi kapena ka 50 pa chaka. Ndiye kuti wantchito mmodzi yemwe amadzutsidwa usiku uliwonse chaka chonse akugwiritsidwa ntchito mophwanya lamulo. Pa nkhani ya pogona, bwana sangadule ndalama yoposa 10 peresenti ya malipiro, ndipo chipindacho chiyenera kukhala chosadontha, cha zenera ndi chitseko chokhoma. Chakudya chomwe wantchito amadya ali pa ntchito sichiyenera kudulidwa pa malipiro.

Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka atakhazikitsidwa mu Januwale 2019, antchito ena ankalandira R20 pa ola pomwe a m'nyumba ankalandira R15. Kusiyanaku kunatha mu Malichi 2022 pomwe onse anafika pa R23.19, ndipo mu Malichi 2025 anafika pa R28.79. Pa mlingo wa mu 2025 umenewu, wogwira maola 45 pa sabata ankayenera kulandira pafupifupi R5,600 pa mwezi, osawerengera maola owonjezera. Ndalamayi imaunikidwanso chaka ndi chaka. South Africa ndi limodzinso mwa mayiko a m'chigawo chino, pamodzi ndi Mauritius ndi Namibia, omwe anavomereza pangano la ILO nambala 189 la mu 2011, lonena za ntchito yoyenera kwa antchito a m'nyumba.

Ufulu wa chipukutamisozi munthu akavulala pa ntchito unabwera movutikira. Mu Malichi 2012 mayi Maria Mahlangu, omwe anagwira ntchito pa banja lina ku Pretoria kwa zaka 22, anamira m'dziwe losambira la pa nyumba ya abwana awo ali pa ntchito. Mwana wawo Sylvia atapita kukapempha chipukutamisozi anauzidwa kuti lamulo la ovulala pa ntchito silikhudza antchito a m'nyumba. Mothandizidwa ndi mgwirizano wa antchito a m'nyumba wa SADSAWU komanso maloya a bungwe la SERI, anatengera nkhaniyi kukhoti. Pa 19 Novembala 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuwapatula antchito a m'nyumba n'kulakwa, ndipo chigamulocho chinabwerera m'mbuyo mpaka pa 27 Epulo 1994. Kwa wosamalira okalamba, izi zikutanthauza kuti msana wovulala ponyamula wodwala ndi nkhani yoti akhoza kukadandaula.

Mfundo ya mapepala

Maufulu onsewa amakodwa pa mfundo imodzi: mapepala. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa ku South Africa kwa masiku 30 ngati mlendo, ndipo chilolezo chimenechi si cha ntchito. Anthu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwapo zilolezo zapadera zowalola kukhala ndi kugwira ntchito, koma Amalawi sanakhalepo ndi mwayi wotere, ndipo chilolezo wamba cha ntchito n'chovuta kwambiri kuchipeza pa ntchito ya m'nyumba. Masiku 30 akatha, munthu amayamba kukhala mozemba, moopa kugwidwa ndi kutumizidwa kumalo osungirako oyembekezera kubwezedwa kwawo a Lindela ku Krugersdorp. Zipolowe zolimbana ndi anthu obwera, monga za mu Meyi 2008 zomwe zinapha anthu 62 ndi za ku Durban mu 2015, zinawonjezera mantha amenewa.

Komabe kusowa mapepala sikufafaniza thukuta la munthu. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, khoti la za ntchito linagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo cholongosoka amawerengedwabe ngati wantchito, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito. Kudandaula ku CCMA n'kwaulere, koma wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ayenera kukafikako pasanathe masiku 30. Chigamulochi sichipereka chilolezo chokhala m'dzikomo, ndipo lamulo loona za olowa ndi otuluka limaletsabe kulemba ntchito munthu wopanda mapepala. Chomwe chimachita ndi kutseka pakamwa bwana amene amakana kulipira ponena kuti wantchitoyo alibe ufulu uliwonse. Mabungwe monga SADSAWU ndi Izwi Domestic Workers Alliance ya ku Johannesburg amathandiza antchito kutsata njira zimenezi.

Gogo akatsikira kulichete

Ntchito yosamalira wokalamba ili ndi mapeto odziwikiratu, omwe palibe amafuna kuwatchula pa tsiku loyamba. Gogo akamwalira, kapena abale akaganiza zomupititsa kunyumba yosungirako okalamba, wantchito amataya ntchito ndi pogona nthawi imodzi. Amatayanso munthu amene wakhala naye zaka, yemwe mwina ndiye anamutseka maso, koma pa maliro amakhala kukhitchini kutsuka makapu. Nyumba imagulitsidwa, ana amakwera ndege kubwerera komwe amakhala, ndipo mayi uja amatuluka pa geti ndi chikwama chake.

Malamulo ali ndi chonena ngakhale pamenepa. Wogwira ntchito yoposa miyezi isanu ndi umodzi ayenera kuchenjezedwa masabata anayi asanachotsedwe, ndipo wogona pa ntchito sayenera kutulutsidwa m'chipinda chake tsiku lomwelo. Malipiro otsala ndi ndalama za tchuthi chosatengedwa ndi ngongole yomwe iyenera kulipidwa kuchokera pa chuma cha malemuwo. Thumba la UIF, lomwe antchito a m'nyumba analowamo mu 2003 ndipo bwana ndi wantchito amasonkhako 1 peresenti aliyense, limalipira wantchito wa m'nyumba amene ntchito yatha chifukwa cha imfa ya bwana wake. Koma thumbali limathandiza okhawo amene analembetsedwa, ndipo wopanda mapepala kawirikawiri amatsala kunja. Kwa iye chitetezo ndi chomwe anasunga yekha, ndi kalata ya umboni wa ntchito yomwe ayenera kupempha kwa ana a gogoyo asanabalalike.

Nanga otsala kumudzi?

Mayi amene akusambitsa kholo la eni ku Joni nayenso ali ndi mayi ake. Nthawi zambiri ndi iwowo amene anawasiyira ana. Gogo wa zaka 70 amatunga madzi, kutola nkhuni, kulima ndi kulera adzukulu atatu kapena anayi, pomwe iye mwini ali ndi nyamakazi ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ndalama yobwera kudzera ku Mukuru imagula feteleza, malata ndi yunifolomu, ndipo thandizo limeneli si lochepa. Koma ndalama sitembenuza wodwala pa mphasa, ndipo sim'perekeza kuchipatala. Gogo akagwa, ntchito imagwera mdzukulu wamkazi, yemwe amayamba kujomba kusukulu mpaka kusiyiratu.

Matenda oiwalitsa aja samasankha dziko. Ku Johannesburg gogo wosokera usiku amapita naye kwa dokotala, pomwe m'midzi ina ya ku Malawi gogo wopezeka m'bandakucha ali maliseche pakhomo pa eni amanenedwa kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba ku Malawi, lakhala likudandaula za kuzunzidwa ndi kuphedwa kwa okalamba pa milandu yotere. Dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya okalamba mu 2016, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024, koma lamulo silingalowe m'malo mwa mwana amene ali kutali. Gogo amene ana ake onse anapita, ena mpaka kutchona, ndiye amasowa womuikira kumbuyo.

Zoyenera kukambirana ulendo usanayambe

Kuletsa anthu kupita ku Joni sikunathekepo, ndipo sikungatheke pomwe munda sukudyetsa banja. Chomwe alangizi a zachitukuko, alangizi a zaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo angachite ndi kuonetsetsa kuti wopitayo akudziwa chomwe akukalowa. Walira mvula walira matope, koma ndi bwino matopewo kuwadziwiratu.

Funso loyamba kwa woitanayo likhale lakuti: kodi m'nyumbamo muli wokalamba kapena wodwala? Ngati alimo, amayenda yekha? Usiku amamuyang'anira ndani? Tsiku lopuma, amalowa m'malo ndani? Mayankho ake alembedwe pamodzi ndi malipiro, ndipo pakhale mawu akuti matenda akakula, ntchito ndi malipiro zidzakambidwanso. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa bwana ndi umboni, ndipo usafufutidwe. Wantchito azilemba m'kope maola omwe wagwira, nthawi yomwe wapereka mankhwala, ndi chilichonse chachilendo chomwe wodwala wachita kapena kunena. Kope limeneli limamuteteza tsiku lomwe mphete yasowa kapena gogo wagwa. Mankhwala asawasinthe mwa yekha, ndipo apemphe kuti namwino kapena dokotala amuonetse kanyamulidwe ka wodwala ndi kaperekedwe ka mankhwala, komanso kuti agulidwe magolovesi. Pasipoti asunge yekha, ndipo chithunzi chake chitsale ndi abale kumudzi pamodzi ndi keyala ya komwe akukakhala ndi nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg.

Luso loyambira lilipo kale m'midzi. Magulu osamalira odwala pakhomo omwe anakula pa nthawi ya mliri wa Edzi anaphunzitsa anthu ongodzipereka ambiri kusambitsa wodwala wogona, kupewa zilonda ndi kudziteteza ku matenda. Maphunziro omwewo akhoza kuperekedwa kwa amene akukonzekera ulendo, ndipo kalata yotsimikiza kuti munthu anaphunzira imamupatsa poyambira pokambirana malipiro. Amene abwerako atasamalira odwala sitiroko kapena matenda oiwalitsa ndi aphunzitsi okonzeka kale. Mayi amene anaona dokotala akufotokoza chifukwa chomwe gogo amasokera usiku akhoza kuimirira pa bwalo la mfumu ndi kupulumutsa moyo wa wokalamba amene akulozedwa chala.

Banja nalonso likhale pansi, eni mbumba ndi atsibweni alipo, ndi kugwirizana za amene atsale ndi gogo, ndi gawo la ndalama yotumizidwa lomwe likhale la mankhwala ndi chakudya chake, losiyana ndi la malata. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi ikhale ndi mndandanda wa makomo omwe muli okalamba olera adzukulu okha, kuti aziyenderedwa ndi kuganiziridwa pa mapulogalamu monga Mtukula Pakhomo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo losalondedwa nalonso limauma. Funso la amene adzatungire madzi gogo wa kumudzi liyenera kuyankhidwa tsiku lomwe tikiti ya basi ikugulidwa, osati tsiku lomwe foni ya uthenga wa matenda ikuimbidwa.